Mankhwala a m'tchire kapena a m'sitolo?

Amayi anzathu, nsabwe zikagwa pa mpiru kapena mbozi zikalowa mu tomato kudimba, timasiyana maganizo. Ena timathamangira kusitolo kukagula cypermethrin kapena dimethoate. Ena timasinja nimu, tsabola kapena mthuthu, n'kumati zachilengedwe sizipweteka munthu. Kodi zimenezi n'zoona?

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Fodya ndi chomera, koma madzi ake ali ndi nikotini, poizoni amene amalowa m'thupi ngakhale kudzera pakhungu. Mthuthu ndi umene makolo athu ankaphera nsomba, ndipo tikatsukira ndowa yake mumtsinje, nsombazo zifa ngati kale. Ubwino wa nimu ndi mthuthu ndi wakuti mphamvu yake imatha m'masiku ochepa padzuwa. Vuto lake, palibe pepala lotiuza muyezo.

Mankhwala a m'sitolo amabwera ndi malangizo a muyezo, zovala zodzitetezera ndi masiku oyenera kudikira tisanathyole ndiwo. M'dziko muno amayenera kuvomerezedwa ndi bungwe la Pesticides Control Board motsatira lamulo la chaka cha 2000. Komabe ambiri ndi aukali, amapha njuchi ndi tizilombo tothandiza mlimi. Tisaiwalenso za DDT. Anthu anawatamanda kwa zaka zambiri, kenaka anapezeka mumkaka wa m'mawere, mpaka mu 2001 maiko anagwirizana ku Stockholm kuti asagwirenso ntchito paulimi.

Choncho funso lenileni ndi lakuti: tikapopera, ngozi yake igwera yani? Amene amadya ndiwo zathu sanalipo pamene tinkasungunula mankhwala. Mayi wogula repu pamsika amatikhulupirira. Ngati tapopera dzulo n'kugulitsa lero, titapatula mzere wina wosapopera wa ana athu, ndiye kuti tikudziwa chimene tikuchita, ndipo n'kulakwa. Mwana wa mnzako ndi wako yemwe.

Tikudziwa kuti umphawi umakakamiza. Dimba likaonongeka, fizi ya sukulu yapita, ndipo sitinganyoze mnzathu wogula mankhwala kuti apulumutse mbewu. Koma umphawi sutipatsa ufulu wodyetsa anzathu poizoni.

Tiyeni tiyambe ndi njira zofatsa: kasinthasintha wa mbewu, kutola mbozi ndi manja, phulusa ndi nimu. Zikakanika, tifunse alangizi a zaulimi, tigule mankhwala okhala ndi chizindikiro, osati a m'timabotolo topanda dzina. Tipopere madzulo kukakhala bata, titaphimba manja, mphuno ndi pakamwa. Mayi woyembekezera kapena wobereka mwana kumbuyo asapopere. Tisasunge mankhwala m'botolo la zakumwa, ndipo botolo lotha tisathiremo mchere kapena mafuta ophikira. Ndiwo zimene sitingapatse ana athu tisapite nazo kumsika.