Mfuti Kumutu, Pemphero Pakamwa

Ku Alaska, anthu okagona m'matenti kuthengo amatsutsana: anyamule mfuti ya .44 Magnum, yolemera koma yamphamvu, kapena Glock 20 yolowa zipolopolo 15? Chomwe akuopa ndi chimbalangondo. Ine funso langa ndi lina. Mkhristu akapemphera usiku, kenako n'kuika mfuti kumutu, wadalira yani?

Ena amati kumeneko n'kukayikira Mulungu. Ine ndikukana. Nehemiya pomanga linga la Yerusalemu ankapemphera, alonda ali chilili ndi mikondo. Koma chimene chimandiopsa n'chakuti mfuti imasintha mtima wa mwini wake. Tsamba likangoti tswaa mumdima, chala chathamanga kale, pomwe mwina ndi mnzako akuchokera kokataya madzi.

Amene sangayambe waunika ndi tochi asanawombe, mfutiyo aisiye kunyumba, atenge mankhwala opopera chimbalangondo kumaso.