Nkhongole ya Mcenga

Ku Durban, ku South Africa, kuli nchito imene siikutha. Mafunde a kumeneko amakankha mcenga m'mbali mwa gombe kucoka kum'mwela kupita kumpoto, ndipo anali kucita zimenezi kale-kale doko lisanamangidwe. Pomanga doko anaika zipupa zazitali za miyala zolowa m'nyanja kuti sitima zikulu-zikulu zizilowa bwino. Zipupazo zinatseka njila ya mcenga. Manje umaunjikana kum'mwela kwa polowela, wina n'kugwela mumsewu wa sitima, pamene magombe a kumpoto monga South Beach na North Beach amadyedwa na madzi, cifukwa palibe mcenga wobwela kudzalowa m'malo mwa umene wakokoloka.

Conco sitima za kampani ya Transnet zimayamwa mcengawo pansi pa madzi, ndipo umapopedwa m'mapaipi kukathilidwa pa magombe. Nyanja imautenganso, iwo amabweletsa wina. Mu March 2007 mafunde aakulu anagumula magombe ambili a KwaZulu-Natal m'masiku ocepa cabe.

Wina anganene kuti uku ni kutungila madzi m'dengu. Ine siniona conco. Nchito yobweleza-bweleza si yopanda pake. Tikanatelo sitikanasesa m'kalasi, popeza fumbi la Lusaka limabwela mawa lomwe. Koma mcenga wa ku Durban usiyana na fumbi. Fumbi palibe analiitana, pamene njala ya magombe aja inapangidwa na anthu amene anafuna doko. Wotseka njila ya cinthu amakhala na udindo wocinyamula pamutu kukacifikitsa kumene cinali kupita, ndipo udindowo ukhalapo malinga cipupa cikali ciimile. Ni nkhongole imene umalipila caka na caka koma osaitsiliza.

Funso limene limanivuta n'lakuti wolipila ndani. Ise a m'Zambia tilibe nyanja ya mcele, ndipo n'cosavuta kunena kuti si nkhani yathu. Koma yang'anani mathilaki a kopa odutsa pa Chirundu, kapena pa mlatho wa Kazungula umene unatsegulidwa mu 2021. Ena mwa iwo ulendo wawo uthela ku Durban. Katundu wina amene tigula m'mashopu analowela pa msewu wa sitima womwewo. Phindu la cipupa limatipeza ngakhale tili kutali, ndiye siniona cifukwa cake nkhongole yake ingalephele kutipeza. Ngati mtengo wopopa mcenga ubisala m'ndalama zimene katundu alipila pa doko, ine sin'ngaucite kuba.

Pali cina cimene cimanikokela ku mbali ya opopa mcenga. Mpaka 1989, ena mwa magombe abwino a Durban anali a azungu okha-okha. Lelo mu December amadzala na mabanja ocokela m'makomboni monga Umlazi na KwaMashu. Mwini hotela gombe likatha angamange dziwe losambilamo. Mwana wa ku Umlazi alibe kwina.

Ngakhale n'conco, mcenga umakonda kupita kumene kuli ndalama. Gombe la alendo limadyetsedwa, la asodzi osauka limayembekezela. Palinso tuzilombo twa pansi pa nyanja tumene tumayamwidwa pamodzi na mcenga, na tunkhanu twa pa gombe tumene tumakwililidwa tulimoyo. Ku Netherlands, mu 2011, anathila mcenga wokwana makyubiki mita 21.5 miliyoni pamalo amodzi pafupi na The Hague, n'kusiya mafunde na mphepo kuti ziumwaze pa zaka zambili, kuti asamasokoneze gombe kawili-kawili. Ni nzelu yabwino, koma ifuna thumba lolemela.

Ndipo mcenga wa pa gombe sucokela m'nyanja mokha. Wambili umabwela na mitsinje, ndipo ku KwaZulu-Natal madamu na okumba mcenga womangila nyumba acepetsa umene umafika kunyanja. Apa nkhani ifika pakhomo pathu. Aliyense wa ise alota kapuloti na mabuloko ake, na ine n'cimodzi-modzi, ndipo tikaimitsa tipa ya mcenga pa msewu timakambilana mtengo cabe, osafunsa mtsinje umene waucotsako. Wa ku Durban angaupope n'kuubweza pa gombe. Wathu tikausakaniza na simenti wapita, ndipo dzenje limene latsala m'mbali mwa mtsinje limadzala madzi m'dzinja, pafupi na kumene ana a m'mudzi amasewela.