Walira Mvula, Walira Matope

Akuluakulu ankati chabwino chimabwera ndi zowawa zake, ndipo wochipempha asanyinyirike. Mayi wa ku Mtakataka kapena ku Mua amene wamanga thumba la mpunga ndi usipa wouma kuti akaone mwana wake ku Lilongwe amaudziwa mwambiwu.

Njira zilipo ziwiri: ya M5 yodzera ku Salima, kapena yokwera mtunda kuchokera pa Golomoti, kudutsa Khwekhwerere mpaka pa Masasa, pomwe imakumana ndi M1. Mtunda wake si wautali kwenikweni. Koma minibasi sinyamuka isanadzaze. Kondakitala amangoti "tikunyamuka pompano, amayi," dzuwa likukwera, mwana wamng'ono ali kumsana akulira. Ikanyamuka, pa Khwekhwerere injini imatentha, anthu n'kutsika kudikira kuti izizire. Dzinja likafika, madzi ochokera ku mapiri a Dedza amasefukira m'mitsinje ya kuchigwa, nthawi zina n'kudula msewu wa M5. Mafuta akasowa, monga mu 2022 ndi 2024, mtengo wa minibasi umakwera tsiku lomwelo.

Komatu ine ndimaona kuti mwambiwu timautambasula mopyola. Matope a mvula palibe wowaletsa. Maenje a pamsewu ndi mlatho wosakonzedwa zili ndi eni ake, omwe amalandira msonkho wathu, ndipo sitiyenera kuwabisa kuseri kwa nzeru za makolo.

Mayi uja akatsika ku depoti ya Lilongwe, foni itatha moto, pamakhala patatsala minibasi ina yopita ku Area 25 kapena ku Chinsapo, thumba la mpunga lija nalo likulipiridwa mpando wake.