Ngongole ya Mthunzi

Lusaka ni mzinda wodziwa kukumbukila andale. Minibasi yopita ku Heavy Industrial Area imadzela mu Lumumba Road, ndipo mwana wa sukulu angakuuzeni kuti Patrice Lumumba anali nduna yaikulu yoyamba ya Congo, anaphedwa mu 1961. Koma kumafakitale kuja, kumene anthu a ku Matero na ku George amalawilila kukaumba mabuloko, kuwochelela zitsulo na kutsitsa matumba a simenti ya ku Chilanga, nchito imatuluka pa geti ilibe dzina la woipanga. Kodi tili na ngongole kwa munthu amene timakhala m'nchito ya manja ake koma sitim'dziwa?

Zinthu ngati zimenezi, simenti na zitsulo, ndizo zinamanga UNZA ya pa Great East Road, imene a Kenneth Kaunda anaikila mwala wa maziko mu 1966. Pulani yake anajambula ni Julian Elliott, wa ku South Africa amene ofesi yake inali ku Ndola, pamodzi na Anthony Chitty wa ku Britain. Nthawi imeneyo ojambula mapulani ambili, potsatila Le Corbusier, anali kusiya konkili poyela, yopanda pulasitala kapena penti. Elliott anaiumba moganizila dzuwa la mu Okutobala na mvula ya mu Januwale: makonde aatali, tinjila tofolela tolumikiza nyumba, masitepe na mabwalo pamene ophunzila amakumana osapangana. Ife amene tinaphunzila kumeneko tinausa mvula m'makondewo zaka zinayi, koma dzina lake silinali kumveka.

Nikawauza zimenezi ophunzila anga, sacedwa kutsutsa. "Ba Ticha, mzungu uyo analipidwa. Nanga anasakaniza konkili na fosholo, awachula ndani?" Akunena zoona. Mutu umodzi susenza denga. Anthu a kumidzi anapeleka nkhuku, mbuzi na ng'ombe kuti yunivesiti imangidwe, ndipo maina awo sanalembedwe pa khoma.

Koma kuiwala Elliott sikubweza dzina la wa fosholo uja. Onse awili amaiwalika na matenda amodzi: kuona nyumba monga bowa womela yekha. Munthu woganiza conco samva kanthu denga likadontha kapena windo ikasweka. Koma ukadziwa kuti wina anakhala pansi kuwelengela kumene mthunzi udzagwela masana, umayamba kufunsanso kuti anakumba maziko ndani, anapinda zitsulo ndani. Dzina limodzi limaitana ena.

Malipilo amathetsa ngongole ya ndalama cabe. Mtima umene mmisili amaika pa nchito, poganizila anthu amene sadzawaona, sulembedwa pa kontilakiti. Elliott anasamukila ku Cape Town, anamwalila mu 2015, ndipo sitingam'bwezele kanthu. Ngongole yotele imalipidwa kwa obwela m'mbuyo mwathu: posamala zimene tinapeza zitamangidwa kale, na pogwila nchito yathu mosanyenga.

Iwe mnyamata amene uwochelela mafelemu a mawindo m'mbali mwa Mungwi Road, wa folomani sangaone pakona pamene wadumphitsa. Mayi amene adzatsegula windoyo zaka 40 zikubwelazi ndiye adzadziwa ngati unam'ganizila, ngakhale dzina lako sadzalimva.