Kodi kuwalitsa galimoto yakale n'kunama?

M'misewu ikuluikulu ya Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, malo ogulitsira magalimoto ogwirapo kale ntchito sasowa. Ambiri ndi bwalo chabe: mpanda wawaya, kontena yosandutsidwa ofesi, ndi mnyamata amene amalawirira ndi ndowa ndi chiguduli. Amene zinthu zawayendera amanga khoma lamagalasi loyang'ana kumsewu, ayala matailosi oyera, apachika magetsi owala ngakhale dzuwa lili paliwombo. Koma kayalidwe n'kamodzi. Sienta yooneka bwino imakhala kutsogolo, Vitz yotopa imabisala pakati pa zinzake, matayala onse adetsedwa ndi polishi, ndipo injini yatsukidwa mpaka dontho la oilo osaoneka.

Palibe chimene chaikidwa mwangozi pamenepa. Ndiye kukongoletsa malonda kumathera pati, ndipo bodza limayambira pati?

Funsoli ndi lakale kuposa galimoto. Buku la malamulo a Chiyuda lotchedwa Mishnah, limene linasonkhanitsidwa cha m'ma 200 AD, limaletsa kukometsera chiweto kapena chiwiya pofuna kuchigulitsa. Aphunzitsi a Chiyuda a m'mibadwo yotsatira anaona kuti lamuloli likufuna kumasulira, ndipo m'buku la Talmud anasiyanitsa: kupaka utoto chinthu chatsopano n'kololedwa, koma kupaka chakale kuti chioneke ngati chatsopano ndiko koletsedwa. Kwa iwo utotowo unalibe mlandu. Mlandu unali pa zimene utotowo ukuuza wogula za msinkhu wa katunduyo. Wogulitsa magalimoto akale wa lero akanakhala pabwalo lawo, thukuta likanamutuluka.

Asilamu ali ndi nkhani yodziwika, yopezeka m'buku la Sahih Muslim. Mtumiki Muhammad anadutsa pa mulu wa chakudya chogulitsa, napisa dzanja mkati, n'kupeza kuti pansi n'ponyowa. Mwini wake anati inali mvula. Mtumiki sanamudzudzule chifukwa cha mvulayo, koma chifukwa chosaika chonyowacho pamwamba kuti anthu achione. Nkhaniyi ndi ya kayalidwe ka malonda kenikeni: chiti chikhale pamwamba, chiti chikhale pansi. Kumbali ya Akhristu, Thomas Aquinas, amene anamwalira mu 1274, anaphunzitsa kuti chilema choonekeratu, monga hatchi ya diso limodzi, wogulitsa sakakamizidwa kuchilengeza bola atsitse mtengo moyenera, koma chilema chobisika chimene chingaike wogula pangozi kapena kumuluzitsa ayenera kuchiulula. Mabuleki otha ali m'gulu lachiwirili.

Mu 1970 katswiri wa zachuma George Akerlof anafika pa vuto lomweli kudzera khomo lina, ndipo chitsanzo chake chinali magalimoto akale omwewa. Wogulitsa amadziwa matenda a galimoto yake, wogula sadziwa. Poopa kupusitsidwa, wogula amatchula mtengo wotsika. Mwini galimoto yabwino amakana mtengowo n'kuchoka pamsika. Otsala amakhala a zibanthu. Ntchito imeneyi inathandiza kuti Akerlof alandire mphoto ya Nobel mu 2001. Tanthauzo lake n'lakuti chinyengo chimapweteka ngakhale wogulitsa woona mtima, chifukwa mawu ake sakhalanso ndi mtengo.

Apa ndi pamene nyumba yogulitsiramo imalowerera, kuti ilankhule zimene pakamwa sipakhulupiridwanso. Ogulitsa magalimoto akale anabwereka chovala cha ogulitsa atsopano. Cha m'ma 1955, katswiri wa mapulani a nyumba Frank Lloyd Wright anakonzera wogulitsa magalimoto Max Hoffman chipinda choonetsera magalimoto atsopano a ku Ulaya pa Park Avenue ku New York, chokhala ndi thandala lozungulira lokha ndi kanjira kokhota kokwera m'mwamba (anachigumula mu 2013). M'chaka cha 2015 kampani ya Carvana inatsegula ku Nashville nsanja yamagalasi yosanjikiza magalimoto akale, kumene wogula amaponya chikobiri chachikulu m'makina ndipo galimoto yake imatsika yokha. N'zosangalatsa kuonerera. Galasi limanena kuti pano sitibisa kanthu. Komatu galasi limaonetsa penti ndi mipando basi. Giyabokosi, dzimbiri la kunsi ndi chasisi yowongoledwa ku garaja sizioneka, kaya magetsi awale chotani. Akuluakulu anatchula kale chikomekome cha nkhuyu, ndipo nyerere za galimoto zimakhala kunsi.

Ku Malawi mpata wa pakati pa wodziwa ndi wosadziwa ndi waukulu zedi. Magalimoto ambiri amachokera ku Japan, kumene amayendetsa kumanzere kwa msewu ngati kuno, ndiponso kumene galimoto imapimidwa ikatha zaka zitatu, kenako zaka ziwiri zilizonse, pamtengo umene umachititsa ambiri kungoigulitsa. Imakwera sitima mpaka Dar es Salaam, n'kuyendetsedwa makilomita pafupifupi 900 kudzafika pa Songwe. Pofika pabwalo yadutsa m'manja ambiri, ndipo mwina dobadoba amene akuitamanda sanaonepo n'chikalata chake chomwe. Chikhalirecho ku misika yaokushoni ya ku Japan galimoto imapita ndi pepala loipima: makilomita amene yayenda, chithunzi chosonyeza pamene pali zipsera, ndi giredi monga 3.5, 4 kapena 4.5, pamene chilembo R chimatanthauza kuti inakonzedwapo pa chigoba chake. Pepalalo ndi dzanja lopisa pansi pa mulu lija. Si kawirikawiri kulipeza litamatidwa pa windisikirini.

Tisawalakwire ogulitsa. Kutsuka galimoto ndi ulemu kwa kasitomala, ndipo bwalo la fumbi si umboni wa chilungamo. Pansi pa mtengo anthu amaberedwanso ndithu. Mthunzi, mpando, chimbudzi chaukhondo ndi ofesi imene munthu angabwerereko mawa ndi dandaulo n'zabwino zokhazokha. Nawonso ogula si angelo. Buku la Miyambo, pa mutu 20 ndime 14, limajambula wogula amene amanyoza katundu pokambirana mtengo, n'kumakadzitama akachoka. Aliyense amene anamvapo munthu akuti injini ikugogoda, pamene mumtima wayamba kale kuwerenga ndalama, akumudziwa wogula ameneyu.

Choncho mlandu wa nyumba yogulitsira magalimoto akale suli pa kukongola kwake. Uli pa funso lakuti kamangidwe kake kakuthandiza wogula kuona kapena kakumutchinga m'maso. Magalimoto othinana moti chitseko sichitseguka chonse, magetsi amene amameza kusiyana kwa penti yakale ndi yatsopano, injini yotenthetsedwa kale kasitomala asanafike kuti utsi wam'mawa usaoneke: zonsezi zimanama popanda wina kutsegula pakamwa. Nyumba yoona imadziwika ndi zinthu zosasiririka. Imakhala ndi dzenje kapena chonyamulira choti munthu aone kunsi, malo oti galimoto ituluke padzuwa, pepala la ku okushoni pamalo owerengeka, geti lotseguka kuti wogula akaiyese pamsewu, ndi mwini wake amene sakwinya nkhope kasitomala akabwera ndi makaniko wake.

Dzenje lotere silidya ndalama zofanana ndi khoma lamagalasi. Wogulitsa amene wakwanitsa matailosi ndi magetsi koma dzenje walisiya wachita kusankha, ndipo wogula ali ndi ufulu womufunsa chifukwa chake asanatulutse ndalama.