Ndalama ya boma ili ndi buku lake

Khala apa, mdzukulu wanga. Amalume ako andiwerengera kalata ya ku Chalimbana. Akutenga kuti ukaphunzire uphunzitsi, ndipo mtima wanga wayera. Koma ndakumva ukuuza anzako kuti boma likulipirira zonse, uku ukuseka ngati watola. Mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi.

Ndalama ukupemphayo ndi ngongole. M'masiku a a Kaunda mwana ankapita ku yunivesite ulere, nkudya, nkugona, osafunsidwa kanthu. Masiku amenewo anapita. Mu 2016 nyumba ya malamulo inakhazikitsa bungwe la Higher Education Loans and Scholarships Board, lija mumati HELSB, m'malo mwa Bursaries Committee yakale. Mu 2018 bungweli linayamba kulondola onse amene anathandizidwa kuyambira 2004. Anthu a ndevu zawo, a ana awo, anangoona malipiro apamwezi atachepa. Iwo anali ataiwala. Buku silinaiwale. Iwenso ukadzamaliza adzakupatsa chaka chimodzi chopumira, kenaka uyambe kubweza, chiwongoladzanja chili pamwamba.

Sindikukuletsa ayi. Tenga. Mbuzi za amako ndi nkhokwe yathu sizingakusenze zaka zinayi. Koma safunsa anadya phula. Pepala uliwerenge lonse usanasaine. Funsa ngati akulipirira zonse kapena gawo chabe, pakuti ena amapatsidwa theka, kotsalako kumagwera abale. Ndiponso kupempha si kupatsidwa. Opempha ndi ambiri, thumba ndi limodzi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Dzina lako lisanatuluke, usapite kwa a kaloba kukakongola podalira ndalama imene sunaigwire.

Ikafika, uigwire ndi manja awiri. Ndalama ya chakudya ya ophunzira boma linaichotsa mu 2019, ana ambiri anagona ndi njala m'mahositelo. Inabwereranso mu 2023. Dzanja limene linaibweza lingathenso kuichotsa. Ukakagula foni yodula mwezi woyamba, mwezi wachitatu udzakhala ukumwa madzi nkugona.

Tsono za ntchito. Usaganize kuti digiri ikafika m'manja, choko chafikanso. Taona ana ophunzira uphunzitsi akugulitsa makala ndi tomato m'mbali mwa msewu wa Great East, zaka zikupita, mapepala ali m'sutikesi. Boma la a Hakainde Hichilema litachotsa fizi m'sukulu mu Januwale 2022, ana anadzaza m'makalasi, ndipo chaka chomwecho linalemba aphunzitsi 30,496. Chinali chaka cha mwayi, sichibwera dzinja lililonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ukamaliza ukalembetse ku Teaching Council of Zambia, mapepala ako akhale oongoka, kenaka udikire uku ukulima. Ngati mutu wako ukukoka masamu kapena sayansi, gwira pamenepo, aphunzitsi ake ndi osowa.

Chimene chandikhazika nawe pano kwenikweni ndi ichi. Kuno ku Shikabeta aphunzitsi tawaona ambiri. Amafika ndi matiresi pamwamba pa galimoto, tiwalandira, tiwapatsa nkhuku. Akaona fumbi la msewu, mtunda wokafika pa tala, ndi mdima wa usiku, mvula isanagwe kawiri ayamba kulemba makalata opempha kusamutsidwa. Sindiwada. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma mwana wa Giredi 2 amene watsala pansi pa mtengo alibe koti asamukire. Chaka chimatha asakudziwa kulemba dzina lake, ndipo akafika Giredi 7 timati ndi mbuli, pamene anangosowa munthu wokhala naye.

Iwe si mlendo. Chisoli ukuchidziwa, Chinyanja ukuchidziwa. Mwana akabwera mochedwa ukudziwa mtsinje umene wawoloka. Sukulu ya Chalimbana anaitsegula mu 1939 kuti izisula aphunzitsi a m'midzi, osati a m'tauni mokha. Boma likadzakufunsa kumene ufuna kukagwira, usachite manyazi kulemba Rufunsa. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Ndipo tsiku lobweza likadzafika, usabisale, usasinthe nambala ya foni. Kupatsa n'kuika. Ndalama imene udzabweze ndi imene idzalipirire mlongo wako amene ali Giredi 5 lero. Ukaidya nkuthawa, wamutsekera iyeyo chitseko, boma silimva kuwawa.

Mawa ulawire. Tenga reji yako, zotsatira za Giredi 12 ndi kalata yakoyi, upite ndi amalume ako ku boma ku Rufunsa mukajambulitse mapepala. Ufunsenso tsiku lotsekera mafomu, ulilembe pachikuto cha buku lako.