Kupirira Pamene Zipatso Zikuchedwa

Mu 1985 Yitang Zhang anachoka ku China kukaphunzira digiri ya PhD ya masamu pa yunivesite ya Purdue ku America. Anamaliza mu 1991, koma ntchito ya uphunzitsi inamusowa. Anagwirapo ntchito ngakhale mu lesitilanti ya Subway, komabe masamu sanawasiye.

Mu 2013, ali ndi zaka 58, anapeza umboni umene akatswiri anausaka kwa zaka zambiri. Unali wokhudza manambala amene sagawika ndi nambala ina kupatula 1 ndi iwo eni, monga 11 ndi 13. Anaonetsa kuti ngakhale muwerenge mpaka kutali bwanji, mudzapezabe awiri otalikirana ndi mpata wosafika 70,000,000.

Bahá'u'lláh amatiphunzitsa kuti ntchito yogwiridwa ndi mtima wotumikira ndi kupembedza. Choncho wophunzira amene watha miyezi akulimbana ndi funso limodzi asadzione ngati wataya nthawi. Mulungu amaona khama lake anthu asanaone zotsatira. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tikambirane: ndani pakati pathu amene maphunziro amulemera, ndipo tingamuthandize bwanji sabata ino?